Mbira za Banja Lofiira

Ku nyumba ya mbira, kunjanji
12 Okotobala 1941

Alongo anga a Rabecca,

Ndikupereka moni kwa inu ndi kwa alamu anga a Boaz. Atate ali bwanji ndi mwendo wawo uja? Ine ndili bwino, kungoti kuno dzuwa likuotcha ngati m'balani la fodya. Sopo amene munapempha ndapatsira dalaivala wa lole ya makalata, pamodzi ndi kansalu ka mwana wanga Dolika, amene mpaka lero ndimangomudziwira m'makalata anu.

Mukuti anthu a ku Kapata akuseka kuti mwana wa aphunzitsi anapita kutali kukaweta makoswe a Azungu. Muwauze kuti si makoswe, ndi mbira. Tili nazo mabanja awiri. Banja lina timalipaka utoto wofiira pamutu, lina wobiriwira, ndipo banja lililonse limaberekana lokhalokha kuyambira kale, kuti magazi asasakanikirane. Dotolo wathu, amene timamutcha Kamagalasi, amazibaya zonse tizilombo ta chifuwa chachikulu, muyeso umodzi, tsiku limodzi. Ntchito yanga ndi kuzidyetsa, kuziika pasikelo Lolemba lililonse, ndi kulemba tsiku limene iliyonse yafa. Kenako Dotolo amaphatikiza masiku amene mbira za banja limodzi zakhala ndi moyo, n'kugawa ndi kuchuluka kwake, kuti aone banja lolimba ndi liti.

Alongo, zofiira zikutha. Zimayamba kuonda, ubweya n'kuimirira, kenako m'mawa ndimazipeza zitauma pakona ya khola. Zobiriwira zambiri zikudyabe. Dotolo akuti zikapitirira chonchi, ndiye kuti kulimba kapena kufooka pa nthenda imeneyi kumayenda m'magazi, kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana.

Chondisowetsa tulo ndi ichi. Munalemba kuti mkazi wanga Lena akutsokomola chibadwire mwana. Amayi ake anapita ndi chifuwa. Mlongo wake Edmond anabwera nacho kuchokera ku migodi ya Wankie, sanathe chaka. Amalume ake a Matiyasi nawonso ndinawamva akutsokomola paukwati wathu. Ndikatsegula khola la zofiira ndimaona abale a Lena, ndipo ndimaopa kuti ndinakwatira m'banja lofiira osadziwa, kuti Dolika wabadwa ndi utoto pamutu.

Mundiuze zoona. Kodi makhololo ake ali ndi magazi? Kodi amatuluka thukuta pogona? Zimenezi ndalembera inu nokha, asamve wina aliyense.

Ndine mlongo wanu,
Gerson Miti


Kapata, Fort Jameson
3 Novembala 1941

Iwe Gerson,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndi mwambo, koma ukanakhala pafupi ukanalandira chikuni. Sopo wafika. Mwendo wa atate uli bwino, imene yadwala ndi nyumba.

Ine ndinakwatiwa kale, mwana wanga Samson ali kubere, iwe n'kumalembabe pa envulopu kuti Rabecca Miti. Sukulu yonse ija unaphunzira, sunadziwe kuti kalata ya dzina la Miti imalowa m'thumba la kusukulu kwa atate? Nanga unakulira kuti, kuti uiwale zimene atate amachita ndi kalata? Saitsegula pakati pa sabata. Amaisunga m'thumba la jekete mpaka Lamulungu, tikatuluka m'tchalitchi, n'kukhala pakhonde, n'kuitana tonse ndi oyandikana nawo omwe kuti timve za mwana wawo wa kunjanji. Ndipo amawerenga monga amachitira paguwa, mokweza, osasuzumira mzere wakutsogolo.

Poyamba tinaseka za mbira zako zodzola utoto. Mai Sesiliya a nyumba yachiwiri anati ndiwo zonsezo zikungofa popanda wozikazinga. Lena anali pamphasa akuyamwitsa, naye akuseka. Atate atafika pa dzina la Edmond ndinagwetsa dala mbale kuti aleke. Sanaleke. Anawerenga zonse, za banja lofiira, za utoto pamutu pa Dolika, mpaka pamene unati ndalembera inu nokha. Pamenepo m'pamene anavula magalasi, koma madzi akatayika saoleka.

Lena sanalire. Anachotsa mwana kubere, n'kumupukuta pamutu ndi chikhatho, pang'onopang'ono, ngati palidi kanthu. Ndikanakonda akanatitukwana.

Lachinayi a Matiyasi anatulukira. Sanalole ndi mpando womwe. Anati, "Mwati magazi athu ndi oipa. Tipatseni mbumba yathu tikafere kwathu." Atate anawakumbutsa za ng'ombe za malowolo, kuti kwa ife Angoni mwana ndi wa kwa bambo. Iwo anati kwa Achewa mwana ndi wa kwa mayi, ng'ombezo tikatenge zisanazolowere khola. Apita nawo onse awiri kumudzi kwawo kuseri kwa Tamanda.

Tsopano zimene unafunsa. Inde, ndinaona magazi pakansalu kamene Lena anabisa pansi pa mphasa. Inde, amadzuka bulangeti litanyowa. Ndikuopa, Gerson. Kuno bwenzi ndikumuona ndi maso anga tsiku lililonse, koma uko sindidziwa akugona pati, akudya chiyani. Bwera, kapena lembera mkazi wako mawu a munthu, osati a mbira.

Ndine mlongo wako,
Rabecca


Ku nyumba ya mbira, kunjanji
23 Novembala 1941

Alongo anga a Rabecca,

Moni nonse. Kalata iyi ndalemba dzina la alamu a Boaz kusitolo kumene amagwira ntchito. Chilandirire yanu chakudya sichikutsika. Ndinapempha tchuthi, koma akuti mpaka mbira zatsopano zitatha, chifukwa mnzanga wina analowa usilikali ndipo ndatsala ndekha.

Dotolo anaona kuti ndikulakwitsa sikelo, nandifunsa chavuta n'chiyani. Ndinamuuza zonse. Anavula magalasi, n'kunena kuti ndathamanga kuposa iye mwini ntchito, kenako ananditengera kumakola.

Anandionetsa khoma. Makola onse a zofiira anali kukhoma lachinyontho, kumene dzuwa silifika, pamene a zobiriwira anali kuzenera. Ndinawaika chomwecho ndine pofika, kuti ndisamasokoneze podyetsa. Dotolo akuti tsopano sitingadziwe ngati zinaphedwa ndi magazi kapena ndi khoma, ndipo zonse tinawerenga zija wazitaya. Tayambanso. Nambala ya mbira iliyonse tailemba pakapepala, timapepala tonse m'chipewa chake, ine n'kumatola nditatsinzina. Kumene kapepala kagwera, mbira ikakhala komweko. Akuti maere sakondera, pamene dzanja la munthu limakondera ngakhale mwini wake asakudziwa. Akutinso mbira zochepa sizinena zoona, chifukwa tsoka lokha lingathe kugwetsa zisanu mbali imodzi.

Sanabise kuti mwina magazi ali ndi mbali yake. Koma pakona pali mbira yofiira yaikazi imene inabayidwa pamodzi ndi zinzake, ndipo yaika m'manda zobiriwira zambiri. Akuti chiwerengero chimanena za khamu, sichidziwa dzina la mmodzi. Ine ndinatenga anthu atatu a kwa Lena n'kuweruza mwana wanga.

Tsono mumve bwino apa, alongo, chifukwa moyo wa Dolika uli pamenepa. Nthendayi sabadwa nayo. Imalowa ndi mpweya wa wodwala. Mbira yodwala ikaswa, tikasiya ana m'khola la make, ambiri amadwala. Tikawachotsa msanga n'kuwapatsa mbira ina yabwino yoyamwitsa, amakula, ofiira ndi obiriwira omwe. Izi ndakhala ndikuzilemba ndi dzanja langa chaka chonse, osaziganizira.

Dolika achoke pachifuwa pa mayi wake, achoke m'nyumba ya a Matiyasi. Inu mukuyamwitsa Samson, mumuyamwitse nayenso. Lena apite kuchipatala cha Tamanda. Ndikudziwa kuti pakamwa panga sipayenera kupempha zimenezi, koma mwezi uliwonse umene mwana akugona m'bulangeti limodzi ndi make ukundiopsa. Mupite sabata ino. Ndatumiza botolo la mafuta a nsomba, Lena azimwa supuni imodzi m'mawa.

Ndine mlongo wanu,
Gerson


Kapata, Fort Jameson
11 Januwale 1942

Gerson,

Moni, ngati uli moyo. Chilembere ine mu Novembala sitinalandire kanthu. A Boaz akuti mvula yadula msewu cha ku Luangwa ndipo malole atitimira m'matope, koma ine ndikuti mwina manyazi ndiwo atitimiza dzanja lako. Ngati wakwiya ndi chikuni chija, kwiya, koma lemba.

Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi kwa Lena, Samson kumsana. Ndikuuza zimene ndinaona kuti nawenso usagone.

Nyumba ndi imodzi, yopanda zenera. Mvula ikamagwa amatseka chitseko n'kusonkha moto pakati. Mbali ina a Matiyasi, amene tsopano akutsokomola mpaka kugwira khoma. Mbali ina Lena ndi Dolika m'bulangeti limodzi. Lena waonda, mikanda yake ya m'khosi ikulendewera mpaka pachifuwa. Koma mwana amamusamala, Gerson, usamve wina. Samuika pansi. Phala amaliuzira ndi pakamwa pake, n'kulawa, n'kumupatsa ndi chala. Akatsokomola amamukumbatira kwambiri kuti asadzidzimuke.

Dolika ali ndi mphumi yako yotakata ija, tsoka lake. Amaseka akaona Samson. Anayetsemula kawiri ndili pomwepo. A Matiyasi akuti ndi utsi.

Pondiperekeza, Lena anaima pa mtengo wa mpoza chifukwa mpweya unamuthera. Anafunsa kuti, "Mlamu, alemba?" Ndinati msewu waduka. Anati, "Msewu wa kalata yoyamba ija sunaduke." Anthu a m'mudzimo akumuuza kuti kukhala chete kwako ndi chisudzulo, ndipo ana akamuona kuchitsime amati uyo wofiira. Nkhani ya pakhonde pathu inafika kumeneko iye asanafike.

Ine sindinaphunzire za tizilombo, koma ndinatuluka m'nyumba imene ija chifuwa chili chothina. Ndiuze chochita. Iwe amene umadziwa tsiku limene mbira iliyonse yafa, ndiuze mwana wako ndimutani.

Rabecca


Sukulu ya Mishoni, Fort Jameson
8 Febuluwale 1942

Mwana wanga Gerson,

Mtendere ukhale nawe. Ife tili bwino monga mwa ukalamba. Ndiyembekeza kuti kalata iyi ikupeza uli wamphamvu pa ntchito yako.

Kalata yako ya Novembala yafika kumapeto kwa Januwale, envulopu ili matope, botolo la mafuta lili lamoyo. Mkamwini Boaz anabwera nayo kwa ine. Ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko, ndinaiwerenga chamumtima, koyamba chiyambire kulandira makalata. Za maere a m'chipewa sindinakondwe nazo poyamba, pakuti ife tinaphunzitsidwa kusiya ula. Koma ndamva kuti cholinga chake n'chakuti dzanja la munthu lisakondere, ndipo ndaleka kutsutsa.

Loweruka ine ndi mlongo wako tinapita kwa a Matiyasi. Ndinavula chipewa, ndinakhala pansi, ndinapepesa chifukwa cha pakamwa panga. Anandimvera mpaka kumapeto, pakuti ndi munthu waulemu. Koma pamene ndinatchula zoti Rabecca ayamwitse Dolika, nkhope yawo inasintha.

Anati, "Aphunzitsi, mwana wa munthu wamoyo sayamwa bere la wina. Amayamwa kwina ndi wamasiye. Mukufuna timuike Lena m'manda akuona?" Ndinafotokoza za mpweya monga unalembera. Iwo anati, "Dzana munati magazi, lero mukuti mpweya. Mawu akusintha, koma njira ndi yomweyo, yopita ndi mwana kunyumba kwanu. Ng'ombe zakanika, mwabwera ndi mbira."

Ndikadakhala iwo ndikadaganiza chomwecho. Akana.

Pamene ife tinali kukambirana, Rabecca anatengera Lena kuseri kwa nkhokwe, namuwerengera kalata yako yonse, awiriwiri. Akuti mpongozi wanga anapempha kuti abwereze pamene pali ana a mbira, ndipo anabwereza. Lena anangolandira botolo, nalowa m'nyumba.

Ndinamuona mdzukulu wanga patali. Ali ndi kachifuwa kouma. Mwina ndi utsi, monga akunenera. Ndakhala ndikuyimba nyimbo za maliro a ana a anthu ena zaka zambiri, ndipo sindinaope monga ndikuopera tsopano. Tipempherere, nafenso tikukupempherera.

Ndine atate wako,
Ezekiel Miti


Kapata, Fort Jameson
1 Malichi 1942

Gerson,

Moni. Khala pansi usanawerenge.

Lachitatu masana ndinali kuanika matewera, ndinangoona munthu waima kumpanda, nsalu atamanga kukamwa ngati wopuntha mawere. Ndinamuzindikira ndi mikanda. Anali Lena, Dolika kumsana. Anachoka kumudzi a Matiyasi ali kumunda, theka la njira pa ngolo ya fodya, theka wapansi. Ndinathamanga kuti ndimugwire, iye n'kukweza dzanja.

"Mlamu, imani pomwepo. Yalani mphasa apo."

Ndinayala. Anamasula mbereko, anamugoneka mwana, anamukonza kachipewa, kenako anabwerera chafutambuyo mpaka kumpanda. Anati, "Dzulo ndinamutsokomolera kumaso ali kubere. Ndinaona kadontho ka magazi patsaya pake. Mutengeni."

Dolika anakana bere langa. Analira, anapotoza khosi kufuna make, anandimenya ndi timanja. Lena ali chiimire kumpanda, diresi lonse lanyowa mkaka pachifuwa, akungonena kuti, "Yesaninso, yesaninso." Ndinaika Samson mbali ina kuti aonere. Dzuwa litapendeka, njala inamugonjetsa, anagwira. Pamenepo Lena anakhala pansi m'fumbi, n'kutembenukira kumsewu. Mai Sesiliya anatuluka kudzaonerera, ndinawayang'ana kamodzi, anabwerera okha.

Anakana kulowa m'nyumba. Anagona m'kakhitchini, mbale yake ndi kapu yake payekha, mwa kufuna kwake. M'mawa a Boaz anapempha malo pa lole yopita ku Tamanda, ndipo amulandira kuchipatala. Pokwera sanapemphe kumunyamula mwana. Anangoti ndimutembenuze aone nkhope.

A Matiyasi atumiza mawu akuti tamuba mwana ndi mankhwala a Azungu, ndipo Lena asadzapondenso pakhomo pawo. Ndiye taona, wataya kwawo chifukwa cha kalata yako yachiwiri, atataya kwathu chifukwa cha yoyamba.

Kachifuwa ka Dolika sikanathe. Ndimadzuka kumvetsera kupuma kwake, kenako kwa Samson, chifukwa nanenso ndine mayi, ndipo ndikuopa kuti mwina ndalowetsa moto m'nyumba mwanga. A Boaz ndimawaona akuyang'ana mwana wawo. Ngati mbira zako zanama, Gerson, usadzandionetse nkhope. Tumiza sopo wina, matewera awirikiza.

Rabecca


Chipatala cha Tamanda
17 Meyi 1942

Atate ake Dolika,

Moni. Ndine Lena. Muli bwanji kumeneko? Pepani zilembo zapendama, ndikulemba chogona. Makalata anu atatu ndinalandira. Sindinayankhe chifukwa mtima unali usanafune. Musatumizenso mafuta a nsomba, sakukhala m'mimba.

Lamulungu alamu a Rabecca anabwera ndi Dolika. Sanalowe, anaima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi zenera langa. Mwana wanenepa, miyendo ili ndi mapindi. Mano atuluka awiri. Anamuika pansi, anakwawa kuthamangitsa nkhuku. Chifuwa chija chinatha, adokotala a kuno anamumvetsera kumsana akuti muli mbee. Ndinamva ndi makutu anga, choncho lekani kuopa za iye. Samson nayenso ali bwino.

Ndinamuitana pazenera ndi dzina limene ndinkamutcha kumudzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabisa nkhope pachifuwa pa alamu. Ndinakondwa kuti ali ndi pobisala. Atapita ndinalira. Zonse ziwiri ndi zoona.

Za pakhonde zija sindinaiwale, sindikunamizani. Koma sindinapereke mwana chifukwa cha inu kapena a Dotolo anu. Ndinapereka chifukwa cha kadontho kaja. Mwalemba kuti mwawerenganso ndi maere, ndipo zofiira zikufabe msanga pang'ono, koma osati monga poyamba. Zikomo posabisa. Muno tilimo akazi asanu ndi mmodzi, Achewa, Angoni ndi Mnsenga mmodzi, palibe wa utoto pamutu. Bedi la kukhomo, pamene amagoneka amene atsala pang'ono kufa, lasintha anthu kawiri chibwerere ine. Sabata yatha anandisunthira pafupi nalo. Ndikuopa, atate ake Dolika, makamaka mbandakucha pamene chifuwa chimatseka.

Ndili ndi funso limodzi. Alamu anandiwerengera kuseri kwa nkhokwe zonse za ana a mbira, kuti mumawachotsa, mumawapatsa mayi wina, amakula. Makalata anu onse ndawayang'ana, ndipo za make simunalembe paliponse. Mbira imene mwaichotsera ana imatani? Musandibisire.

Ndine mkazi wanu,
Lena


Ku nyumba ya mbira, kunjanji
31 Meyi 1942

Amake Dolika,

Moni. Kalata yanu ndalandira dzulo.

Za mbira yochotseredwa ana sindinalembe chifukwa sindimadziwa. Tikachotsa ana, ine ndimatsatira ana ndi sikelo yanga. Pa khola la make sindinaimepo ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo m'mapepala a Dotolo mulibe malo olembapo zimenezo.

Lero m'mawa tinachotsa ana a yofiira ina, ndipo ndinaima pa khola lake. Imazungulira khola, imafukula udzu ndi mphuno, imaliza kamluzu kake koitanira ana. Ikatopa imakagona pakona pamene iwo ankagona. Ndinalowetsa dzanja, inatsamira pachikhatho panga, ndipo inaleka kulira.

Makiyi a makola ndabweza kwa Dotolo. Wandiuza kuti ndikapita ntchito yatha, ndavomera. Ndikwera lole ya Lachinayi, msewu wauma tsopano. Muwapemphe asakusunthireninso bedi. Mundidikire.

Ndine mwamuna wanu,
Gerson